Kumene Rowland Anali Lachinayi

Failo ya Rowland Mkata inali ndi mapepala asanu okha, koma mapepala asanuwo anali okwanira kunyongetsa munthu.

Munali mu Okutobala, chaka cha 1986. Ine Gilford Nankhuni ndinali nditangokwanitsa zaka ziwiri pa ntchito yauloya, mu ofesi yoimira anthu osauka ku Blantyre, ndipo ananditumiza ku Mangochi chifukwa anzanga onse anapeza zifukwa zokanira. Ndinatsika basi Lachitatu masana, malaya atamatirira kumsana, n'kulunjika kwa a Rodgers Kayira, wapolisi woimira boma pa milandu.

A Kayira anali munthu wamkulu ndithu, kwawo ku Rumphi, woyankhula motsitsa ngati wina akumvetsera kuseri kwa chitseko. Anandifotokozera mlanduwo osayang'ana m'failo. Lachinayi la milungu iwiri m'mbuyomo, cha m'ma seveni koloko m'mawa, wamalonda wina wa ku Namwera, Che Jaffalie, ankatsetsereka phiri la Chowe pa njinga yamoto kupita ku boma. Pa kona ina munthu wodzikulunga chitenje kumaso anatulukira m'tchire ndi mfuti, anaombera m'mwamba, anamenya Che Jaffalie pamutu ndi kumbuyo kwa mfutiyo, n'kuthawa ndi njinga. Loweruka njingayo inapezeka ku Lungwena, m'shedi ya Rowland, amene ntchito yake inali kukonza mainjini a maboti. Amene anatsina khutu apolisi anali Howard Chipala, wapampando wa achinyamata a chipani m'deralo. Atandandalika amuna asanu ndi atatu pamzere, Che Jaffalie analoza Rowland. Mfuti yokha ndiyo sinapezeke.

Ndinafunsa tsiku la mlandu. A Kayira anatseka failo n'kuikapo chikhatho.

"Lolemba failo iyi ikupita ku khoti la mafumu. Kumeneko, a Nankhuni, inu simulowa."

Ndinkadziwa. Masiku amenewo milandu ikuluikulu ankatha kuichotsa m'manja mwa majaji n'kuipereka ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa ngakhale kutsokomola. Woimbidwa mlandu ankaima yekha, ndipo chilango cha kuba moopseza ndi mfuti chinali chingwe kapena ndende moyo wonse. Ndinali ndi masiku anayi.

*

Rowland ndinamupeza ku rimandi madzulo a tsiku lomwelo. Anali wamfupi, wojintcha, wa zaka ngati makumi anayi, atavala kabudula ndi malaya opanda mabatani. M'zikhadabo mwake munali mukadali mafuta akuda a injini. Woyang'anira akaidi anatipatsa benchi, koma iye anakhala pansi, nsana kukhoma.

Anakana mlandu. Anati mfuti sanaigwirepo chibadwire, ndipo ku Chowe anapitako komaliza pa maliro a malume ake zaka zinayi m'mbuyomo. Nditamufunsa kumene anali Lachinayi lija, anati anali panyanja. Ananyamuka Lachitatu m'mawa, anabwerako Lachisanu madzulo. Anali yekha. Ankapha nsomba.

Ndinamuwerengera zimene zinali pa pepala lachitatu la failo. Apolisi anapeza matchera ake, maukonde ophera nsomba, atapachikidwa pakhonde, ouma, akangaude atayamba kale kumangamo. Amayi atatu oyanika usipa pa doko anamuona akukocheza boti Lachisanu, ndipo m'botimo munalibe nsomba ngakhale ya ndiwo. Rowland anamvetsera zonsezi akuyang'ana zala zake za kumapazi, ndipo sanatsutse chilichonse.

Ndinafunsa amene anabweretsa njinga ija m'shedi. Anati anangoipeza.

Ndinayesa kumunyengerera, ndinayesa kumukalipira. Ndinamuuza kuti munthu akanama pa chinthu chimodzi, oweruza amaiwala zoona zake zonse. Ndinamulonjeza kuti zimene angandiuze sizituluka m'chipindamo. Apa anadzutsa mutu n'kuyang'ana woyang'anira akaidi uja, amene anali chiimire pakhomo, akudzichotsa zam'mano ndi kamtengo ka machesi.

"A Mkata," ndinatero monong'ona, "mukapitiriza chonchi adzakunyongani."

"Akandinyonga, bwana, anyonga munthu mmodzi."

Pamene ndinkatuluka anandiitana, n'kundipempha kuti ndisapite ku Lungwena kukavutitsa mkazi wake. Ndi pempho limeneli limene linandiuza kuti ndiyenera kukafikako.

*

Ndinayamba ndi wobedwayo. Lachinayi m'mawa ndinakwera lole ya matola kupita ku Namwera, ndipo Che Jaffalie ndinawapeza m'sitolo yawo ya nsalu ndi mchere. Anali bambo wamtali, wa ndevu za imvi. Anavula kofia n'kundionetsa pamene anawasoka kuchipatala, kenako anaitanitsa tiyi. Ankadziwa kuti ndikuimira munthu amene iwo anamuloza, koma anati mlendo samwera tiyi panja.

Chichewa chawo chinali chonunkhira Chiyao, ndipo akayamba kukamba za njinga ija sankafuna kusiya. Anaigula kwa Mmwenye wina amene ankasamuka ku boma. Ankaipukuta okha tsiku lililonse akachoka kumzikiti ku swala ya m'mawa. Mwana wawo weniweni sankaloledwa kuikhudza.

Ndinawabweza pang'onopang'ono kufikira pa kona ija. Nkhope ya wakubayo anaiona? Anati maso okha, chifukwa cha chitenje. Nanga pamzere paja anamuzindikira bwanji Rowland? Anazungulitsa kapu ya tiyi pathebulo. Anati wapolisi anali atawauza kale kuti njinga yapezeka kwa makaniko, ndipo mwa amuna asanu ndi atatu aja, mmodzi yekha ndiye anali ndi manja akuda ndi mafuta. Komanso msinkhu unali womwewo.

Ndinawapempha kuti andifotokozere zimene zinachitika atagwa pansi, osadumpha kalikonse.

"Wallahi, bwana, pamenepo ndinkafuna kuseka, magazi ali chuchuchu," anatero. "Munthu waba njinga, koma kuiliza ikumukanika. Waponda kiki kasanu, zii. Wandiloza ndi mfuti, akuti dzuka undilizire. Ine ndadzuka, ndaliza njinga yanga ndekha, ndapereka kwa wakuba ngati ndikuperekeza mkamwini."

Anapitiriza kuti munthuyo atakwera anasiya kilatchi mwadzidzidzi, njinga inadumpha n'kupendekera, ndipo katumba wa mwendo wake wakumanja anakhudza ekizozi yotentha. Anali atavala kabudula. Anakuwa ngati mbuzi yopanidwa pachitseko, ndipo fungo la khungu lopsa Che Jaffalie analimva ali pansi pomwepo. Kenako anapita akupepesuka, mfuti ili kumsana.

Ndinafunsa ngati zimenezi anauza apolisi. Anati palibe anawafunsa. Anangofunsidwa mtundu wa njinga ndi nambala yake.

Ndinakumbukira miyendo ya Rowland dzulo lake, atayitambasula pa simenti ya ku rimandi. Inali ndi zipsera zakale za mbedza ndi miyala, koma bala la moto panalibe.

Nditaima kuti nditsanzike, Che Jaffalie anawonjeza chinthu china, ngati chongodandaula. Anati chimene chinkawadabwitsa n'chakuti wakubayo anafika bwanji ku Lungwena, chifukwa m'thanki munali petulo wochepa. Iwo ankati akathire ku boma. Njingayo ikanazima isanafike, pokhapokha munthu atatembenuza kampopi ka pansi pa thanki kuti petulo wosungira wa pansi ayambe kutsika.

*

Lachisanu m'mawa ndinapempha a Kayira kuti andionetse njinga ija. Inali kuseri kwa ofesi yawo, pakati pa njinga zakapalasa za milandu ina, atayimangirira kapepala pa handulo. Lipoti la apolisi linati anaipeza yakufa, ndipo anachita kuinyamula pa galimoto.

Ndinagwedeza njingayo, ndipo m'thanki munamveka petulo akukhapira pansi. Ndinagwada n'kuyang'ana kampopi kaja. Kanali pomwe Che Jaffalie anakasiya. Ndinakatembenuza, ndinadikira pang'ono, n'kuponda kiki. Ulendo wachiwiri njinga inalira, nkhuku zimene zinali pansi pa mtengo wa mango n'kubalalika.

Ndinauza a Kayira kuti njingayi sinafe, inangothera petulo wa pamwamba panjira, ndipo amene anaikankha mpaka m'shedi sankadziwa kanthu kamene mwana aliyense wophunzira umakaniko amadziwa mlungu woyamba. Rowland wakhala akumasula mainjini zaka makumi awiri.

A Kayira anazimitsa njinga ija okha. Anayang'ana mazenera a maofesi mbali zonse, kenako anandiyang'ana ine.

"Zimenezi n'zomveka kwa jaji," anatero. "Mafumu adzafunsa funso limodzi lokha: ngati sunabe, unali kuti?"

*

Ku Lungwena ndinafika dzuwa lili paliwombo, pa njinga yakapalasa yobwereka. Nyumba ya Rowland inali ya njerwa zosawotcha, pafupi ndi katchalitchi ka Angilikani, ndipo shedi inali yokhoma ndi loko wa apolisi. Mkazi wake, Enid, ankasita malaya a sukulu a mwana wawo Maud pakhonde. Nditadzitchula dzina anaika simbi pansi, anandilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi zenera lomwe, ngakhale kunkatentha koopsa.

Anali mayi wochepa thupi, woyankhula mawu owerengeka. Poyamba anabwereza za mwamuna wake: kunyanja, yekha, nsomba. Ndiye ndinamuuza zimene panalibe anali atamuuza, zakuti Lolemba mlandu ukupita kumene ine sindingafike, ndiponso chilango chimene chinkadikira kumeneko. Anaika manja pamwendo. Kenako anayamba kufotokoza, osalira, ngati akuwerenga kalata.

Anali ndi mchimwene wake, Paulo, mphunzitsi wa pulayimale. Pa msonkhano wina wa chipani Paulo anaimika dzanja n'kufunsa chifukwa chimene mayi woyembekezera ankamugulitsira makhadi awiri a chipani, ina ya mwana wa m'mimba. Patapita mlungu, munthu wina wachifundo anamunong'oneza kuti apolisi achinsinsi abwera kudzamutenga. Lachitatu lija, kusanache bwino, Rowland anagoneka mlamu wakeyo pansi m'boti, anamufunda ziguduli, n'kulowera kumpoto, kupyola Makanjira, mpaka kukamutula ku gombe la Mozambique. Petulo wa ulendowo anapereka ndi abusa a pa tchalitchi chomwecho. N'chifukwa chake matchera anatsala pakhonde.

Umboni umene ndinkaufunafuna unali umenewu, wokwanira bwino, wokhala ndi anthu oti angauikire kumbuyo. Koma kuutchula kunali kupereka Rowland, Enid ndi abusa aja kwa anthu amene sankafuna khoti, kapena failo, kapena tsiku lotuluka.

Ndinafunsa za njinga. Enid anati Lachinayi masana, ali yekha pakhomo, munthu anafika akuikankha, thukuta lili kamukamu, akutsimphina. Anati yamufera panjira, isungidwe m'shedi mpaka amisiri abwere. Enid anatsegula shedi. Rowland atabwera Lachisanu madzulo, mbiri ya ku Chowe inali itafika kale pa doko. Anayang'ana njingayo kamodzi kokha n'kupita kwa amene anaibweretsayo kukamuuza kuti adzachotse chinthu chake kusanache. M'mawa mwake munthu uja anabweradi, koma ndi apolisi.

"Ndani?" ndinafunsa.

"A Howard."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanauze apolisi. Anati pamene ankamanga Rowland, Howard anabwera kudzaima pafupi naye ngati akumupepesa, n'kumuuza kuti Lachitatu lija anali pa doko, ndipo anaona ziguduli za m'boti zikupuma.

"Anati ine ndikatchula dzina lake, iye atchula la achimwene. Bambo a Maud anandiletsa. Koma bwana, ngati ndi chingwe, ine ndikanena. Anditenge ineyo."

Ndisanayankhe, kunja kunamveka belu la njinga, ndipo mawu a mwamuna anaodira mosangalala.

*

Howard Chipala anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wamfupi ngati Rowland yemwe, wa nkhope yosalala ndi malaya ofiira ositidwa bwino. Anati anamva kuti kwabwera mlendo wa ku Blantyre, ndipo si mwambo wa dera lawo kuti mlendo alowe m'mudzi achipani osadziwa. Enid anatulutsa mipando iwiri pakhonde, iye n'kukhala pansi chapatali.

Howard ankayankhula ngati ali pa nsanja. Chilichonse chinali ife. Ife tinamva phokoso la njinga, ife tinakayikira, ife tinachita udindo wathu wosunga bata ndi mtendere. Anati zinamupweteka mtima kupereka Rowland, munthu amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi, koma dziko limaposa chinansi.

Ndinamufunsa tsiku limene anamva phokosolo. Anati Lachinayi madzulo, anamuona Rowland akulowa nayo m'shedi ikulira. Ndinalemba mawu amenewo mosamala, chifukwa njinga imene ndinailiza m'mawa uja sikanatha kulowa m'shedi ikulira. Ndinafunsa ngati iye amatha kuyendetsa njinga yamoto. Anaseka, nati iye ndi wa kapalasa, za mainjini anasiyira amisiri.

Kunkatentha moti aliyense pa doko anali ndi kabudula, koma iye anali ndi buluku lalitali. Ntchentche ziwiri zinkabwerabwera pa mwendo wake wakumanja, iye n'kumaziingitsa ndi chipewa. Atapinda mwendo, buluku linakwera pang'ono, ndipo ndinaona bandeji lothimbirira ndi mankhwala a jivi, litakulunga katumba yense.

Ndinafunsa chimene chinamuchitikira. Anatsitsa buluku mosafulumira, nati linali phala la moto, mwana anamutayira.

Kenako anasendeza mpando wake kufupi ndi wanga, ndipo kwa nthawi yoyamba anasiya mawu a pa nsanja.

"A loya, inu mwaphunzira kwambiri. Mlandu mwautenga ndi wa njinga. Pali mlandu wina kuno wa boti, umene ife sitinaukhudze, chifukwa cha chisoni ndi mwana wamng'ono wa pakhomo pano. Mukafukula kwambiri wanuwo, mufukula ndi winawo. Ndipo adzafunsa kuti loya amene ankadziwa zimenezi n'kukhala chete ndi ndani."

Anandigwira chanza ndi manja awiri, anatsanzika Enid pomutchula kuti alamu, n'kukwera njinga yake.

*

Pobwerera ku boma ndinapalasa makilomita onse aja ndikufufuza khomo lotulukira. Wakuba ndinali nditamudziwa. Ndinali ndi bala lake, bodza lake lolembedwa, ndi kampopi ka petulo. Kukhoti lililonse la m'mabuku anga, mlandu unali utatha. Koma Howard akangomangidwa, mawu ake oyamba akanakhala dzina la Paulo, ndipo Rowland akanachoka ku rimandi n'kulowa m'galimoto ina yopanda nambala. Ndikakhala chete, Lolemba failo inkapita. Ndikati Rowland kunalibe pamene njinga inkafika, funso lotsatira likanakhala lakuti anatsegula shedi ndani, ndipo Enid ndiye akanalowa m'mlandu.

Loweruka m'mawa ndinabwerera kwa a Kayira. Ndinayamba kufotokoza za bala la moto, ndipo ndisanafike patali anakweza dzanja.

"Musanditchulire dzina, a Nankhuni. Mukalitchula ndiyenera kulilemba, ndipo ndikalilemba sindidziwa chimene chituluke. Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume pa ntchito."

Anapita kukatseka chitseko. Atabwerera anayankhula ngati akudziyankhulira yekha. Anati mlandu wa mfuti waima pa miyendo iwiri, njinga ndi chala cha Che Jaffalie. Chalacho chikachoka, mfuti palibe, wooneka pa Chowe palibe, ndipo chotsala ndi munthu wopezeka ndi katundu wakuba. Umenewo ndi mlandu wa majisitileti, sukwera kwa mafumu. Koma akuluakulu awo sangalole kuti failo itsike popanda womangidwa. Munthuyo ayenera kuvomera, pasakhale kuitana mboni, pasakhale mafunso.

Ndinati munthuyo sanalakwe. A Kayira anati akudziwa.

Masana ndinapita ku rimandi. Tsiku limenelo woyang'anira akaidi anali wina, wokonda fodya, ndipo anatisiya tokha kwa kanthawi. Ndinauza Rowland kuti ndinafika ku Lungwena ndipo ndikudziwa zonse. Anatseka maso. Ndinamuyalira njira zonse zitatu, kuulula Howard, kukhala chete, kapena kuvomera mlandu wolandira katundu wakuba, osabisa kuti yachitatuyo inali yonditsutsa mumtima, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti loya salola wosalakwa kuvomera mlandu. Anafunsa zaka. Ndinati mwina zitatu, mwina zisanu. Anafunsa ngati dzina la mkazi wake lingatchulidwe. Ndinati ayi.

"Njingayo inagonadi m'shedi yanga usiku umodzi ine ndikudziwa kuti ndi yakuba," anatero. "Ndikalumbira pa chimenecho sindinama. Zinazo Mulungu adziwa yekha."

Lamulungu ndinakweranso phiri kupita ku Namwera. Che Jaffalie ndinawauza za kampopi, ndiponso kuti miyendo ya Rowland ilibe bala. Anasisita ndevu. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: ngati si makaniko, nanga anawang'amba mutu ndani? Ndinawauza kuti ndikudziwa, koma ndikawauza, anthu atatu osalakwa alowa m'mavuto, ndipo iwo akhoza kukhala wachinayi. Anali munthu wa m'malire, ndipo sanafunikire kumasuliridwa. Anati iwo sangaime pamaso pa Mulungu ndi magazi a munthu amene anamuloza chifukwa cha manja akuda. Lolemba, ofesi isanatsegulidwe, ndinawapeza atakhala pa masitepe a a Kayira, kofia ili pamutu, akudikira kusintha mawu awo.

Failo sinapite.

*

Mlandu unalowa Lachisanu la mlungu womwewo, ndipo sunathe ngakhale theka la ola. M'khoti munali modzaza anthu a ku Lungwena. Enid anakhala kumbuyo, Maud ali pambali pake. Howard anakhala pa benchi yachiwiri ndi anzake atatu a malaya ofiira.

Majisitileti anawerenga mlandu wolandira katundu wakuba n'kufunsa Rowland ngati akuuvomera. Anavomera. Anamufunsa ngati ankadziwa kuti njingayo inali yakuba. Anati ankadziwa. Kenako majisitileti anachotsa magalasi n'kufunsa funso limene silinali pa pepala lililonse: kodi anamupatsa njingayo ndani?

Ndinamva benchi yachiwiri ikulira pang'ono kumbuyo kwanga. Rowland sanatembenuke.

"Munthu wodutsa, bwana. Sindikumudziwa."

Ndinaimirira kupempha chifundo. Ndinati ndi koyamba kulakwa, ali ndi banja, njinga yabwerera kwa mwini wake ili bwinobwino, ndipo wavomera osataya nthawi ya khoti. Ndinayankhula bwino tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse. Anamupatsa zaka zitatu za kalavulagaga.

Pomutulutsa anadutsa pafupi ndi ine, unyolo uli m'manja. Anandithokoza, n'kundipempha kuti ndiuze Enid agulitse injini ya boti mvula isanayambe, isachite dzimbiri.

Panja ndinamupeza Enid pansi pa mtengo, atagwira dzanja la Maud. Ndinapereka uthengawo. Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati zatha tsopano, ngati palibenso chimene chingawabwerere. Ndinkafuna kumuuza kuti zatha. Ndisanatsegule pakamwa, galimoto ya chipani inaima patsogolo pathu, Howard atakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, chigongono chili pazenera. Anthu onse a ku Lungwena amene anali pabwalopo anatembenuka kuyang'ana.

"Alamu, kwerani, tikakutuleni pakhomo," anatero mokweza kuti onse amve. "Zaka zitatu si masiku. Ife tizikuyenderani pafupipafupi, musadandaule."

Enid anandiyang'ana. Ndinali nditanyamula mabuku awiri a malamulo kukhwapa, ndipo munalibe tsamba limodzi loti ndingamutsegulire. Anadikira pang'ono, kenako anachotsa maso ake pa ine. Anapinda mawondo, anaomba m'manja kawiri, nati zikomo a tcheyamani. Anakweza mwana kumbuyo kwa galimoto, naye n'kukwera, n'kukhala pa tayala losungira pakati pa anyamata a malaya ofiira, ndipo galimoto inanyamuka kulowera ku mlatho.